Musamuzoloweze Manja

Mukakhala na khanda mu Lusaka muno, pali mau amene mudzamva kawilikawili kuposa "mwauka bwanji". Mauwo ni akuti: musamuzoloweze manja. Adzakuuzani alandilodi, adzakuuzani amai ogulitsa tomato pa kona, adzakuuzaninso mnzanu uja wa ku koleji amene sanasinthepo thewela chibadwile. Ena amakamba mwachifundo, ena ngati akukuwelengelani mlandu. Ndipo theka la azimai amene anatiuza mau amenewa anali na mwana wogona kumsana pa nthawi imene anali kukamba.

Mwana wathu ni mtsikana, anabadwa pakati pa April. Masabata awili oyamba anali kugona paliponse pamene mwamuika, ngati thumba la ufa, moti alendo anali kutiyamikila kuti tabala mwana wofatsa. Sabata yachitatu zinthu zinatembenuka. Usiku sanali wovuta kwenikweni: ayamwa, agona, auka, ayamwanso. Koma masana! Pa chifuwa cha amake kapena pa phewa langa anali kugona ola na hafu, kukamwa kuli yasa. Mukangomuika pa bedi, olo mosamala bwanji, pasanathe mphindi zisanu manja ali m'mwamba, nkhope yafiila, kulila kwayamba. Mumunyamule, zii. Mumuike, wayambanso.

Kwa amene alibe mwana iyi ioneka ngati nkhani yaing'ono. Koma welengani maola. Bungwe la WHO, mu malangizo ake a 2019, likamba kuti khanda losapitilila miyezi 3 lifunika kugona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, kuphatikizapo tulo twa masana. Ngati maola 5 kapena 6 mwa amenewo ni a masana, ndiye kuti m'nyumba muli munthu mmodzi amene kwa maola onsewo sangachape, sangaphike, sangasambe, sangathamangile ku pompi madzi akabwela. Ife tikhala m'nyumba ya zipinda ziwili ku Mtendere, akuluakulu tili awili chabe. Mkazi wanga asewenza mu shopu ina m'tauni. Lamulo la za nchito, Employment Code Act ya 2019, limapatsa mai masabata 14 a tchuthi cha uchembele. Iye anatenga awili asanachile, anatsala na 12. Ine nimadzipeleka pa wailesi ya m'dela lathu, kumene malipilo kulibe. Ndalama zanga nimazipeza mwa kujambula mau a tumaadvert twa mabizinesi ang'onoang'ono na kuliza nyimbo pa maukwati na ma kitchen party. Lendi imalipilidwa na salale ya amake mwana. Pa kalenda ya pa khoma panali tsiku lozungulizidwa na bolopeni kuchiyambi kwa July, ndipo funso linali limodzi: tsikulo likafika, mwana wosagona popanda manja adzagona pa manja a ndani?

Niganiza kuti ichi ndiye chimene azimai aja amatanthauza. Sakamba za khalidwe la mwana, akamba za msana wa mai. Mkazi wanga anakulila ku Katete, ndipo akamba kuti pamudzi pao khanda silinali kutha ola lathunthu lili na munthu mmodzi. Lichoka kwa amake lipita kwa ambuye, kwa azakhali, kwa kamtsikana ka zaka khumi kamene kanali mlezi, kwa akazi a amalume. Mai apita ku dimba kapena ku chigayo, mwana ali kumsana kwa wina. Ana amenewo anazolowela manja ndithu, koma manjawo anali ambili, moti panalibe amene anaona kuti ni vuto. Muno m'tauni tibala mwana wofuna zimodzimodzizo, koma manja aja tinawasiya kumudzi. Pa yadi pathu pali mabanja asanu, zoona, koma ikakwana 07 hours pafupifupi onse athamangila minibasi.

Pa wailesi tili na pulogilamu ya za umoyo kamodzi pa sabata, pamene anesi ena amabwela kuyankha mafunso a omvela. Ninapempha kuti tsiku lina tikambe za tulo twa makanda, ndipo pokonzekela ninawelenga kuposa mmene ninawelengela mayeso a ku koleji, foni ku dzanja limodzi, mwana ku dzanja lina.

Tulo twa khanda tusiyana na twathu. Ife akuluakulu tikagona timamila kaye, maloto amabwela pambuyo. Khanda m'miyezi yoyamba liyamba na tulo topepuka: maso atseka koma zikope zigwedezeka, pakamwa payamwa mphepo, nthawi zina limwetulila, kapumidwe nako kosakhazikika. Pafupifupi theka la tulo twake twonse ni totele. Tulo tozama tubwela pambuyo pa mphindi ngati 20, ndipo ulendo wonse, kuchoka ku topepuka kufika ku tozama na kubwelelanso, utenga mphindi 50 kapena 60 chabe. Manje makolo tikaona maso atseka timati wagona, tiyeni timuike. Pamene iye akali pakhomo pa tulo, sanalowe.

Palinso kudzidzimuka kuja kwa manja m'mwamba. Madokotala amakutchula Moro reflex, kutengela dzina la dokotala Ernst Moro amene anakufotokoza mu 1918. Khanda likamva ngati mutu wake ukugwela kumbuyo, limatambasula manja na zala mwadzidzidzi, n'kuwabweza ngati lifuna kukumbatila chinthu, kenako kulila. Ni chizindikilo cha mwana wabwinobwino, ndipo ku chipatala amachita kumuyesa dala kuti aone ngati chilipo. Chimatha chokha pa miyezi 4 mpaka 6. Ganizani zimene timachita pomugoneka: timamuchotsa pa chifuwa chofunda, timamutsitsa chagada, mutu patsogolo. Kwa iye uko ni kugwa. Munthu amene wakhala miyezi 9 m'malo ofunda, othina, ogwedezeka, a phokoso la mtima usana na usiku, mumuika pa bedi yozizila ya mu June, yotakasuka, ya zii, ndiye mudabwa kuti wadandaula.

Ninapezanso kuti chifuwa cha munthu ni mankhwala olembedwa m'mabuku a madokotala. Mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, dokotala Edgar Rey, poona kuti ma incubator sakwanila ana obadwa masiku asanakwane, anayamba kuwaika pa zifuwa za amai ao, khungu kukhudzana na khungu. Njila imeneyo ndiye Kangaroo Mother Care, imene lelo WHO imalimbikitsa kwa ana obadwa ochepa thupi. Mu 1986 ku Montreal, Urs Hunziker na Ronald Barr anatsatila azimai 99 na makanda ao. Ena anawapempha kunyamula ana ao maola ochulukilapo pa tsiku, olo anawo asakulila. Pofika masabata 6, msinkhu umene makanda amalila kwambili, ana onyamulidwa aja anali kulila mochepa na 43 pelesenti. Nitawaonetsa zimenezi anesi aja anaseka, amvekele, "Ndalama zonsezo kufufuza chimene chitenge cha ku Kamwala chidziwa kale!"

Ndiye nkhani ya kumuwononga mwana tinaichotsapo. Khanda la masabata 6 silidziwa kupusitsa munthu, lidziwa chabe kuti apa pafunda, apa pazizila. Koma kudziwa zimenezi sikunachape matewela, ndipo sikunasunthe tsiku lija pa kalenda.

Chimene anesi anatsindika pa pulogilamu, mpaka kuchibweleza katatu nthawi ikutithela, n'chakuti mwana kugona pa manja si choopsa. Choopsa ni womunyamulayo kugona naye pa sofa kapena pa mpando. Mwana amatsetseleka n'kulowa pakati pa thupi lanu na khushoni, mphuno itsekeka, mphamvu zodzichotsela alibe, ndipo zimachitika mwakachetechete. Munthu amene wauka kanayi usiku sasankha pogona, tulo tumangomugwila. M'nyumba mwathu tinaika lamulo tsiku lomwelo: ukamva maso alema uli na mwana pa sofa, imilila, kapena mupeleke kwa mnzako, kapena muike pa matilesi olo alile. Kulila kwa mphindi zisanu sikupha mwana. Ndipo pomugoneka, nthawi zonse chagada, pamalo osalala komanso olimba, popanda pilo, popanda zidole, bulangeti osafika kumaso, mkati mwa neti ya udzudzu. Ambili a ife timagona na makanda pa bedi imodzi, pakuti kabedi ka mwana mungakaike pati m'chipinda mmene muli kale wadilobu na dilamu ya madzi? Ngati ni telo, amene wamwa mowa kapena amakoka fodya asagone pafupi na khanda, mabulangeti olema na mapilo akhale kutali naye, ndipo pasakhale mpata pakati pa bedi na khoma umene angagwelemo.

June anabwela na mphepo yake, na malangizo enanso. Ena anati mwana auka chifukwa cha kuzizila, lowetsani mbaula m'chipinda. Malasha oyaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, ndipo nyengo yozizila iliyonse timamva za anthu amene anagona osaukanso. Mbaula yathu inakhala panja. Enanso amafunditsa khanda chipewa, majuzi awili, shawelo na bulangeti, dzuwa lili pamutu. Kutentha kwambili nako n'koopsa kwa khanda logona. Mugwileni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Ngati pali thukuta, chotsani chimodzi. Tumanja na tumapazi twa khanda tumakhala tozizila kawilikawili, si umboni wakuti wazizidwa.

Ndiyeno panabwela malangizo a monong'ona. Mai wina anaitanila mkazi wanga pambali n'kumuuza kuti kachidutswa ka Piriton kapena kasupuni ka mankhwala a chifuwa kamagoneka mwana mpaka madzulo. Wina anati kaphala kopyapyala, akhute. Sinikuwakwiyila azimai amenewa. Woyambayo analela ana atatu yekha uku akugulitsa pa msika, ndipo nidziwa kumene nzelu yotele ichokela. Koma mankhwala amenewo si a makanda, angamufooketse mpaka kapumidwe, ndipo tulo twa mankhwala si tulo. Phala nalo lili na nthawi yake: miyezi 6 yoyamba ni bele lokha, olo madzi osamupatsa. Izi tinazikambanso pa wailesi, popanda kutchula munthu.

Thandizo lenileni linatsika basi kumapeto kwa May. Apongozi anga, atatsiliza kukolola, anabwela kuchoka ku Katete na thumba la nshawa na lina la ufa, ndipo anakhala nafe masabata atatu. Iwo za kuzoloweza manja sanakambeko. Anaona kamodzi chabe mmene mdzukulu wao anadzidzimukila pa bedi, n'kunena kuti, "Ameneyu ni wa kumsana." Anatenga chitenge, ndipo pasanathe mphindi khumi anali kusankha nyemba pa lichelo, mwana ali fuu kumbuyo kwao.

Masabata amenewo mkazi wanga anagona masana kwa nthawi yoyamba chichilile. Koma tonse tinali kudziwa kuti apongozi adzabwelela, ku mudzi kuli mbuzi na adzukulu ena, ndipo July akafika wotsala panyumba masana nidzakhala ine. Ndiye ninapempha mkazi wanga awapemphe aniphunzitse kupapa mwana. Amene mudziwa mwambo wa kum'mawa mudziwa kuti mkamwini na apongozi sakhala moyandikana, sayang'anana m'maso, nkhani zambili zimadzela mwa munthu wapakati. Apongozi anakhala chete kanthawi, kenako anaseka atagwila pakamwa. Koma anavomela, ndipo phunzilo lonse linachitika iwo ali pa mpando ku khomo, ine pakati pa chipinda, mkazi wanga pakati pathu ngati womasulila m'khoti.

"Auzeni atate ake awelame."

Ninawelama.

"Osati choncho ngati afunafuna ndalama yogwa. Msana uongoke, mwana agonepo ngati pa mphasa."

Mkazi wanga anabweleza mau onsewo, olo kuti ninawamva ndekha bwinobwino.

Kamangidwe kaja kodutsa pachifuwa, kamene azimai amangopinda n'kutsindila, kwa ine kanali kutsetseleka. Chifukwa chake mkazi wanga ananiuza amake atatuluka panja: mwamuna alibe chogwilitsa chitenge kutsogoloku. Ndiye tinasankha kamangidwe kenako, nsonga imodzi kudutsa pa phewa, ina kunsi kwa khwapa, mfundo ziwili pachifuwa. Mwana anali na masabata 6 kapena 7, khosi likali losalimba, ndiye apongozi anali kukweza chitenge mpaka kumbuyo kwa mutu, nkhope itayang'ana kumbali, mphuno na pakamwa zili poyela. Anatinso pamene akali wamng'ono chonchi, ine wophunzila nizimuzungulutsa abwele kutsogolo, pachifuwa, pamene ningamuone nkhope. Chibwano chake chisatsamile pachifuwa pake, pakuti njila ya mpweya imapindika. Miyendo itambasuke ngati ya chule, matako akhale pansi, maondo m'mwamba pang'ono. Ndipo uli naye kutsogolo usawelamile pa mbaula kapena pa mafuta otentha. Zimenezi apongozi sanaziwelenge paliponse, koma nitakaona zimene akatswili amalemba pa nkhani yonyamula makanda pa nsalu, zinali zomwezo.

Tsiku loyamba kutuluka naye panja ninapita pa kantemba kukagula talk time. Njila ipita pa babashopu, pamene anyamata amakhala pa benchi tsiku lonse. Wina anakuwa, "Ba DJ, bakudyesani chani ku nyumba?" Ninati, "Nsima na kapenta, monga imwe." Anaseka mpaka wometa anaimitsa makina. Kuseka kumeneko sikunanivute. Chimene chinanikhala pamtima ni azimai a pa pompi, amene anachita kuomba m'manja, ati mwamuna wabwino, ati mkazi wanu ali na mwai. Mkazi wanga anali atanyamula mwana ameneyu maola khumi tsiku lililonse kwa masabata asanu na limodzi, chilonda chikali kupola, ndipo palibe anamuombela m'manja. Ine kuyenda naye mpaka pa kona basi nasanduka ngwazi. Patapita masabata awili onse anazolowela, oseka na oombela m'manja omwe, ndipo ninayamba kupita popanda wonichewukila.

Apa nikambeko za azibambo. Lamulo lija la 2019 limapatsa tate masiku 5 a tchuthi mwana akabadwa, ngati wasewenza chaka chathunthu pamalopo. Ni chiyambi chabwino. Koma m'masiku 5 oyambawo makanda ambili akali kugona ngati thumba la ufa lija. Vuto la manja liyamba tate atabwelela kale ku nchito, ndipo madzulo akafika apeza mkazi sanasambe, nsima kulibe, n'kufunsa kuti, "Nanga tsiku lonse wachita chani?" Mnzanga, ngati funso limeneli lili pa lilime lako, limeze, samba m'manja, tenga mwana. Ola limodzi limenelo ndiye chakudya na bafa ya mkazi wako.

Chitenge chinamasula manja, koma sichinathetse zonse. Munthu sangasambe na mwana kumsana, ndipo msana nawo uli na malile. Tinafuna kuti pa tulo twake twa masana, kamodzi chabe pa tsiku azigona pansi. Apa ninathandizidwa na kafukufuku wa ku Japan wa mu 2022, wotsogoleledwa na Kumi Kuroda wa ku RIKEN. Anayesa makanda 21, atawaika tozindikila kagundidwe ka mtima. Anapeza kuti khanda lolila limatonthola mai akalinyamula n'kuyenda nalo mosalekeza kwa mphindi 5, ndipo pafupifupi theka amagona. Ndiyeno m'malo molitsitsa pomwepo, mai akhale pansi nalo mphindi zina 5 mpaka 8, kenako aligoneke. Anapezanso kuti chimene chimadzidzimutsa mwana kwambili si msana wake kukhudza bedi, koma nthawi imene thupi lake liyamba kulekana na la amake. Makanda 21 ni ochepa, ndipo njilayi siigwila pa mwana wanjala kapena wodwala. Koma siifuna ndalama, ndiye tinaiyesa.

Tinasankha tulo twa m'mawa, chifukwa ndito tumabwela mosavuta. Pa miyezi iwili, mwana akakhala maso ola limodzi kapena ola na hafu watopa kale, ndipo amaonetsa: ayasamula, ayang'ana kumbali osafuna maso a munthu, apikita nkhope. Mukadikila mpaka alile mokuwa, nchito yakula kawili. Ndiye ayamwe, ageye, kenako kuyenda naye uku na uku m'kachipinda kathu, masitepe anayi kupita, anayi kubwela. Akagona nikhala pa mphepete pa bedi kuwelenga mphindi. Nikweza kadzanja kake pang'ono n'kukasiya. Kakagwa ngati kansalu konyowa, nthawi yakwana. Potsika nimatsika naye pamodzi, chifuwa changa chili pa iye mpaka afike pa matilesi, matako poyamba, msana, mutu pothela, kenako dzanja langa likhala pachifuwa pake mphindi imodzi kapena ziwili nisanachoke. Katani yotseka. M'nyengo yozizila mmodzi wa ife anali kukhalapo kaye pamalopo kuti pafunde.

Chothela chinali wailesi. Mukaichotsa pa siteshoni n'kuiika pakati, pamene palibe wokamba, imangoti shhh. Zaka zonsezi pa nchito nakhala nikulimbana na phokoso limeneli, omvela akuimba foni kudandaula kuti simumveka. Manje ndilo linali kuphimba kulila kwa mahuta, nyimbo za aneba na ogulitsa masamba okuwa pa geti. Timaiika motsitsa, kutali na khutu lake.

Sabata yoyamba zinakanika masiku asanu mwa asanu na awili. Akauka tinali kuyesanso kamodzi, zikakanikanso, kumsana, popanda nkhondo. Mwana amene sanagone masana amavuta kwambili usiku, ndiye kulimbana naye tsiku lonse kuti aphunzile bedi n'kudzilanga wekha. Sabata yachitatu anayamba kukwanitsa mphindi 20. Sizinayende molunjika. Atalandila nyeleti za katemela pa masabata 10, masiku awili anakana chilichonse kupatula chifuwa cha munthu, ndipo tinamupatsa. Pa miyezi 4 anabwelelanso m'mbuyo pafupifupi masabata awili, kenako anapitiliza.

Pali nthawi zina pamene kukana kugona pansi si nkhani ya manja chabe. Ngati mwana alila nthawi iliyonse mukamugoneka, apinda msana, asanza kwambili akayamwa, ndipo mzele wa sikelo pa kadi ya ku under-five sukwela, akamuone ku kiliniki. Ngati watentha thupi, akana bele, apuma mofulumila kapena nthiti zikulowa mkati, akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena wafooka moti avuta kudzutsa, pitani tsiku lomwelo, olo usiku. Muyang'anenso mai. Ngati papita masabata awili akungolila, sagona olo mwana atagona, sakondwela na chilichonse, si ulesi kapena kusayamika. Ni matenda amene amagwila azimai ambili akachila, ndipo anesi akauzidwa amathandiza. Ndipo aliyense, mai, tate kapena mlezi, akafika pomva mkwiyo ukukwela chifukwa cha kulila kosatha, amuike mwana pamalo abwino, atuluke panja apume mphindi zingapo. Khanda siligwedezedwa mwamphamvu olo kamodzi, ubongo wake umavulala.

Tsiku la pa kalenda lija linafika. Ine ninapempha kusiya pulogilamu ya m'mawa, imene ili na omvela ambili ndipo ninaikonda, n'kutenga ya madzulo. Lamulo limapatsa mai woyamwitsa ola limodzi pa tsiku, kapena mahafu awili, mpaka mwana akwanitse miyezi 6, ndipo mkazi wanga anagwilizana na abwana ake kuti olalo azilitenga powelukila msanga. M'mawa amafinyila mkaka m'kapu ya chivindikilo, ine nimamumwetsa na kakapu kang'ono. Pakati pa kunyamuka kwanga na kufika kwake pamatsala ola na hafu, ndipo pamenepo amatigwilila amai ena achikulile a pa yadi, amene timawapatsa kangachepe pakutha kwa mwezi. Pa Chiwelu, nikakhala na ukwati woliza nyimbo, amabwela mlamu wanga wamng'ono amene aphunzila ku koleji. Tikawelenga, manja anakwana anthu anayi. Si mudzi wa ku Katete, koma lendi ikulipilidwa. Nidziwa kuti ife tili na mwai wa tchuthi cholembedwa m'lamulo. Amai a pa Soweto Market alibe masabata 14, ndipo ana ao amagona tulo twao twonse kumsana, pakati pa mabokosi a tomato.

Manje ni October, mwana watsala pang'ono kukwanitsa miyezi 6. Kudzidzimuka kuja kunatha. M'mawa amagona pa matilesi mphindi 40 kapena 50, ulendo umodzi wa tulo, ndipo zimanikwanila kusamba na kuviika matewela. Masana akali wa kumsana, olo kuti kutenthaku tonse awili timachoka m'chitenge titanyowa. Maadvert nimawakonza choimilila, laputopu ili pamwamba pa dilamu ya madzi, hedifoni ku khutu limodzi kuti linalo lizimva kupuma kwake. Thupi linazolowela kugwedezeka moti tsiku lina pa mzele wa mobile money mai wina ananifunsa ngati nili bwino, pakuti ninali kuyendayenda uku na uku kumsana kulibe kanthu. Wayamba kugubuduka, ndiye matilesi a masana tawatsitsila pansi. Sabata ya mawa ayamba phala, ndipo nshawa za ambuye ake zikali m'thumba kudikila kusinjidwa.